Ba Sakala Anandiika Patsogolo

Fungo la guluu ndi la matayala akale likandipeza, kaya ndili m'minibasi kaya pamsika, mtima umayamba waima kaye, chifukwa limandibweza ku Kanyama, pansi pa mtengo wa mabulosi pamene ba Sakala ankasokera nsapato. Ankakhala pa kampando ka miyendo itatu atayala thumba la simenti pamaondo, timisomali tili kukamwa, ndipo kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka tinkangomva kanyundo kawo kali ko! ko! ko! pakati pa kulira kwa mawilibala a madzi, phokoso la ana othamangitsana m'matope ndi utsi wa mbaula za amayi okazinga vitumbuwa kutsidya kwa msewu. Pansi ponse pankakhala mabulosi opondedwa ndi tizidutswa ta mphira, ndipo nsapato zodikira zinkandandalikidwa pa lata lakale. Mwini wa nsapato iliyonse ankamusunga m'mutu, popeza kulemba sankadziwa.

Ba Sakala sanali mbale wathu. Anali mnansi chabe, wa nyumba yachitatu kuchokera kwathu, wochokera cha ku Petauke, wamtali, wowonda, wa chifuwa chimene tinkachimva iwo asanatulukire pakona. Akazi awo anali atamwalira kalekale, ndipo ana analibe. Asanayambe za nsapato anawotcha malasha, amene ena amati makala, zaka zambiri m'mapiri a kupitirira Chilanga, panjira ya ku Kafue, mpaka chifuwa chinawakana. Ndi anthu akuluakulu sankalankhula zambiri, koma nsapato ankazikalipira ngati ana. "Iwe, wang'ambikanso? Ndinakusoka liti?" Mlendo wodutsa ankaganiza kuti mkuluyu mutu wayamba kusokonekera.

Ine ndinkapita pamenepo kuposa mwana wina aliyense m'komboni, ndipo sikuti ndinali wokonda kutchena. Mwendo wanga wamanzere ndi waufupi. Ndinadwala ndili ndi zaka zitatu, ndinachira, koma mwendowo unatsalira, moti mpaka lero ndimayenda motsimphina. Ndiye nsapato yanga yamanzere ba Sakala ankaiwonjezera kunsi ndi tayala, magawo atatu omata ndi kukhomerera, kuti ilingane ndi inzake. Inkalemera ngati njerwa, ndipo anzanga ankaitcha thirakitala. Koma iwo poipereka ankaigwira ndi manja awiri, ati, "Ba Enelesi, galimoto yanu yakonzeka." Ba Enelesi! Ine kamwana ka mamina kupatsidwa ulemu wa munthu wamkulu. Ndinkaseka mpaka kunyumba.

Atate anamwalira ndisanayambe sukulu, ndiye tinali awiri, ine ndi amayi. Amayi ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika, ndipo ankandikonda chikondi chosapumitsa. Anandibereka kumsana mpaka ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, miyendo yanga ikulendewera kufika m'maondo mwawo. Sindikuwanena ayi, anali ndi chifukwa. Aliyense wa ku Kanyama amadziwa kuti mvula ikagwa, msewu, ngalande ndi khomo la munthu zimasanduka dziwe limodzi, ndipo anthu amayenda modumpha pamiyala ndi pamatumba a mchenga. Tsiku lina ndili giredi yachiwiri ndinaphonya mwala n'kugwera m'ngalande, madzi ananditenga mpaka pakalavati, ndipo amayi anandikoka ndi tsitsi nditamwa kale madzi onyansa aja. Kuyambira pamenepo dziko langa linali ndi malire: kunyumba, kutchalitchi, ndi kusukulu imene inali kungowoloka msewu. Kwina konse yankho linali limodzi, "Mwendo uyo sungakwanise."

Chimene amayi sankadziwa n'chakuti iwo ali kumsika, ine ndikaweruka ndinkayenda. Ndinkatsatira anzanga kokatunga madzi kutali mipope ya kwathu ikauma, ndinkapita kukaonerera amayi ophwanya miyala kumapeto kwa komboni, tsiku lina ndinafika mpaka poti nyumba zazitali za m'tauni zinali apa, n'kubwerera msanga kukasamba fumbi iwo asanafike. Anzanga sanandiulule. Amene anandigwira ndi ba Sakala. Anatembenuza nsapato yanga, anapititsa chala pamene tayala linadyeka, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo omangidwa ndi ulusi.

"Tayala ili linali kunyamula lole kuchoka kuno mpaka ku Chipata. Imwe mwalitsiriza miyezi iwiri. Mupita kuti, ba Enelesi?"

"Kusukulu chabe, ambuya."

"Sukulu yake iyi ili apa? Ndiye kuti muzungulira kalasi tsiku lonse."

Ndinayamba kulira ndi kuwapempha kuti asauze amayi. Iwo anangolavulira timisomali m'dzanja, ati, "Ine nchito yanga ni nsapato, si miseche." Ndipo sanauze munthu.

Zotsatira za giredi yachisanu ndi chiwiri zinatuluka mvula itakhazikika. Ndinakhoza bwino, ndipo anandipatsa malo kusukulu ina ya cha ku Kamwala, kutsidya kwa tauni, ulendo wa ola ndi theka kwa munthu woyenda monga ine, kudutsa misewu ya malole ndi njanji. Amayi anaimba nthungululu pakati pa msika, anaonetsa chikalatacho kwa ogulitsa anzawo onse. Madzulo ake tikutsuka mbale, anandiuza kuti sindipita. Yokwerera minibasi tsiku ndi tsiku panalibe, ndipo wapansi, m'madzi a Januwale, zosatheka. Anali atalankhula kale ndi mayi wina wosoka zovala pafupi ndi kwathu kuti andiphunzitse makina. "Wosoka akhala pansi, mwana wanga," anatero, ngati akundipatsa mphatso. Sukulu inkatsegulidwa patatha masabata awiri, ndipo wosaonekera sabata yoyamba malo ake ankapatsidwa wina. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, mpaka ndinaulula za maulendo anga obisa aja. Zinangoipiraipira. Ati ndikunama, ndipo ngati ndi zoona ndiye kuti Mulungu wakhala akungondisunga, tisamuyesenso.

Amayi a kutchalitchi kwathu anali ndi mwambo woti chaka chikayamba amapita kukapemphera kuphiri. Zaka zonse ankapita pakaphiri kena pafupi ndi msewu, koma chaka chimenecho ba mai Daka, amene ankawatsogolera, mayi wathupi wa mawu osafuna chimkuzamawu, anati kumeneko kwachuluka mipingo, mapemphero akuwombana, iwo akufuna phiri lenileni. Ndiye anabwera pamtengo wa mabulosi paja, pamene ine ndinali nditakhala masiku atatu ndili ndwii, nditafotokozera ba Sakala zonse iwo akungosoka.

"Ba Sakala, imwe mudziwa vimapiri va ku Kafue. Muzatiperekeza Loweruka."

Iwo anatsiriza kaye kukhoma msomali. "Ndiperekeza. Koma ba Enelesi apite nawo, pamodzi na amai awo."

Ba mai Daka anawomba m'manja. "Uyo ni Mzimu wakuuzani! Tizakaupempherera mwendo uyo pamwamba penipeni."

Ba Sakala anangotola nsapato ina. Amayi atamva kuti ndi za kupempherera mwendo anavomera msanga, pakuti anali atandipititsa kale kwa abusa osawerengeka. Lachisanu ndinawaona akupinda chitenje chawo chachikulu cholimba chija, ndipo ndinadziwa kuti n'chondiberekera. Mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu! Ndinkafuna nthaka ingotseguka.

Loweruka tinakwera minibasi kukucha. Ife a m'komboni ulendo timaudziwa kumodzi: ukamatuluka mu Lusaka uvale zabwino. Amayi onse anatchena ngati akupita kuukwati, mabulauzi oyera ositidwa, nsapato za kutchalitchi, ba mai Daka atavala za gogoda ndi chikwama chonyezimira. Mayi wina ananyamula mpando wapulasitiki, ati sangakhale pamwala. Ba Sakala anafika atavala nkhwayira za tayala, ali ndi chikwanje chokulunga m'thumba, botolo la madzi ndi ndodo ziwiri. Anawayang'ana kumapazi mmodzimmodzi, anapukusa mutu, ati, "Lolemba ndili na nchito."

Tinatsika pamene msewu wafumbi unathera, m'minda ya chimanga. Ine ndinali ndisanaonepo phiri pafupi. Kanyama ndi wosalala ngati thebulo, ndipo chokwera chachikulu chimene ndinkachidziwa chinali mulu wa miyala yophwanya. Apa chinthu chinangoima patsogolo pathu chili biriwiri, mitengo yothinana kuyambira pansi mpaka pamwamba, kamtambo katatsamira mbali imodzi, ndipo mpweya unali wozizira, wonunkhira masamba onyowa ndi dothi, wopanda utsi ngakhale pang'ono. Khosi linandiwawa ndi kuyang'ana. Amayi anamasula chitenje chija, anawerama, ati, "Kwera." Ba Sakala anaika ndodo pakati pa ine ndi iwo.

"Amake Enelesi, pepani. Kuno kuli malamulo ake, ndipo si ine ndinawapanga. Pamene tinali kuyenda m'mapiri muno na matumba a malasha, tinali kuyenda mzere, ndipo patsogolo tinali kuika munthu wochedwa kuposa onse. Mukaika wamphamvu, mzere uduka, wakumbuyo atayika, ndipo muno munthu akatayika mumupeza mawa. Lero wotsogolera ni uyu. Palibe kumupitirira, palibe kumugwira, pokhapokha aitane yekha. Ine ndikhala pambuyo pake kumuuza njira. Imwe pambuyo panga."

"Ba Sakala, mwana uyu ni wolemala!"

"Ni wochedwa. Ndiye malo ake ni kutsogolo. Mukakana tibwerere tonse, ine njira sindionetsa."

Ba mai Daka, amene anali atalengeza kale kutchalitchi kuti akukakwera phiri lenileni, sakanalola kubwerera. "Amake Enelesi, mulekeni. Akalema tizamunyamula, si tili ambiri?" Amayi anapinda chitenje, nkhope ili gwaa. Ba Sakala anandipatsa ndodo imodzi ija. Inali yaifupi, yosalazidwa bwino, yondifika ndendende m'chiuno, ndipo kunsi kwake anali atakhomerako kachidutswa ka tayala. Ndinadziwa kuti sanaiseme m'mawa umenewo.

Poyamba chondivuta sichinali chokwera koma maso onse aja ali pamsana panga. Moyo wanga wonse ndinkaona misana ya anthu, ndipo apa kutsogolo kwanga kunalibe munthu, kunali udzu wonyowa wondimenya m'maondo ndi kanjira kowonda ngati chingwe. Tinalowa m'nkhalango, kuwala kunachepa, nyenje zinali kulira mpaka makutu kuwawa, madontho a mvula ya usiku akugwa kuchokera m'masamba kutithira m'khosi. Kumbuyo kwanga ba Sakala ankalankhula motsitsa, ngati mmene ankalankhulira ndi nsapato akakhala kuti sanakwiye. "Kumanzere kwa msuku uyo. Pondani pa muzu. Mwala wobiriwira uyo muuleke, uterera." Akatero ankatsokomola, kenako n'kutchula dzina la mtengo wina, muombo, mtondo, muwanga, ngati akupereka moni kwa anthu a kwawo.

Kenako kunachitika chinthu chimene mpaka lero ndikachiganiza ndimamva tsemwe. Njira inasiya kulunjika pamwamba n'kuyamba kuzungulira phirilo cham'mbali, kukwera pang'onopang'ono, phiri lili kumanzere kwanga, chigwa kumanja. Mwendo waufupi unkaponda kumtunda, wautali kumunsi. Ndinayenda masitepe angapo n'kuona kuti china chake chasowa: kugwedera kuja, kumira ndi kuvuuka kumene ndinali nako chiyambire kuyenda, kunalibe. Mapewa anga anali owongoka. Ndinatembenuka kuyang'ana ba Sakala pakamwa pali yasa.

"Yang'anani kutsogolo, akapitawo," anatero. "Kuli njira ina yachidule, koma ine ndikonda iyi."

Ndinayenda, anthu inu. Ndinayenda mpaka ndinaiwala kuti kumbuyo kuli anthu. Nyimbo imene amayi aja anayamba nayo kumunsi inali itafa kalekale, m'malo mwake kunkamveka kupuma kwa wefuwefu ndi madandaulo. Mpando wapulasitiki unasiyidwa pansi pa mtengo kuti tidzautenge pobwerera. Gogoda imodzi ya ba mai Daka inathyoka tisanafike ndi pakati pomwe, ndipo anayenda opanda nsapato, bulauzi itasanduka yofiira ndi dothi, akukalipira chiwanda chimene ati chinali m'phirimo. Kenako ndinamva mawu awo akulu aja akuchokera kumunsi.

"Iwe Enelesi! Chepesako liwiro, mwana iwe, ufuna kutipha?"

Ine! Kuuzidwa kuti ndichepetse liwiro! Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, ndipo ba Sakala anaseka nawo mpaka chifuwa chinawagwira. Ndinasuzumira amayi. Sanaseke, koma ankandiyang'ana ngati akuona mwana wa munthu wina.

Tinapuma pakamtsinje ka madzi ozizira ngati a m'filiji, tinatola masuku otsalira amene anyani anawaphonya, ndipo anyani eni ake anatikuwa kuchokera pathanthwe lina, amayi ena n'kufuula dzina la Yesu. Pamenepo ba Sakala anandionetsa malo ena ozungulira, akuda, pamene udzu unali waufupi. "Apa ndine," anatero. "Ng'anjo yanga inali apa. Mbali yonse iyi tinaimeta mpala." Anagwira kamtengo kamene kanaphukira pachitsa chakale, kotalika kale kuposa iwo, anakagwedeza pang'ono ngati akupereka moni. Tinamwa madzi n'kunyamuka.

Chovuta chinali kumapeto. Njira yozungulira ija inatha, ndipo panatsala chokwera cholunjika cha miyala yonyowa, choti ukwere ndi manja omwe. Apa mwendo wanga unabwerera kukhala mwendo wanga wa masiku onse, thirakitala ija ikulemera kawiri chifukwa cha matope. Ndinakwera mwala woyamba, wachiwiri, wachitatu. Pa wachinayi nsapato inaterera, ndodo inauluka, ndinagwa chafufumimba n'kutsetsereka mpaka ndinatsakamira pamuzu. Bondo linang'ambika, mkamwa munadzaza dothi.

Amayi anakuwa mofanana ndi tsiku la pangalande lija. Ndinamva mapazi awo akubwera, kenako anaima. Ba Sakala anali atatambasula dzanja.

"Sanaitane."

"Chokani! Munabalapo imwe, kuti mudziwe?"

Mawu amenewo anagwa ngati mwala. Ba Sakala sanatsitse dzanja. Anangoti, motsitsa kwambiri, "Sindinabale, amake Enelesi. Koma mufunseni."

Amayi sanandifunse. Ndinagona pamenepo nkhope ili m'masamba, ndipo ndinene zoona, ndinkawafuna amayi anga ndi mtima wonse. Ndinkafuna msana wawo, chitenje chija, fungo lawo la kapenta ndi sopo. Liwu loti "amayi" linali litafika kale pakhosi. Koma ndinkadziwanso kuti ndikangolitulutsa, Lolemba ndikakhala pamakina osokera, ndipo ndidzakhala pamenepo mpaka imvi. Ndinalimeza. Ndinafufuza ndodo, ndinagwada pabondo labwino, ndinagwira muzu, n'kuimirira magazi akutsikira m'sokosi.

Ndinakwera mwala uja ndi mimba, ngati buluzi. Ndikulimbana ndi wotsatira, ndinamva mawu kumbuyo, osati a ba Sakala. Anali amayi, akulira chamumtima, mphuno ikusefukira, koma akunong'ona, "Ponda apo. Eya. Manje gwira apo. Eya, mwana wanga." Manja awo anali atakulunga chitenje chija mwamphamvu moti pambuyo pake ndinaona zikhadabo zitasiya zizindikiro m'zikhatho.

Mitengo inangotha mwadzidzidzi, ndipo ndinatulukira pathanthwe lalikulu losalala, ndekha, ndisanatsatidwe ndi aliyense. Mphepo inandimenya kumaso. Mayo ine, dziko ndi lalikulu! Kumunsi mtsinje wa Kafue unali kunyezimira ukupindikapindika m'chidambo chobiriwira chopanda malire, ndipo kutsogolo mapiri anali atandandalikana mzere pambuyo pa mzere, oyandikira obiriwira, otsatira abuluu, akutali kwenikweni otuwa mpaka osasiyana ndi mitambo. Mithunzi ya mitambo inkayenda pankhalango pang'onopang'ono, mphamba akuuluka kumunsi kwa mapazi anga. Nditatembenuka ndinaona kutali kachinthu kotuwa ndi utsi, ndipo ba Sakala atafika, akupuma ngati mvukuto, anandiuza kuti ameneyo ndi Lusaka. Lusaka yense ndinamuphimba ndi chala chachikulu.

Amayi anafika, anagwada, anang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje chawo chokondedwa chija n'kundimanga bondo. Sanandikalipire. Atatha anayang'ana kumene tinachokera, minibasi ikuoneka ngati kachikumbu koyera m'mphepete mwa minda. Kenako anatembenukira kwa ba Sakala, maso ali pansi chifukwa cha mawu aja.

"Atate, mundikhululukire pakamwa panga."

"Pakamwa pa mai, palibe mlandu."

"Nifunseko. Tayenda mtunda wabwanji?"

Ba Sakala anakanda chibwano ngati funsolo lawadzidzimutsa. "Kuchoka paminibasi? Aa, monga kuchoka kwathu kufika ku Kamwala, na kupitirirako pang'ono." Anatsokomola. "Kungoti ku Kamwala kulibe chokwera."

Amayi anawayang'anitsitsa. Ndikukhulupirira kuti ndi pamenepo pamene anazindikira chimene mkuluyu anawachita, pamaso pa amayi onse a mpingo. Anangopukusa mutu, ati, "Koma imwe ba Sakala."

Onse atafika n'kupezanso mpweya, ba mai Daka anamanga duku bwino, anayambitsa nyimbo, kenako anaitana kuti andizungulire, asanjike manja pamwendo. Ine mtima unagwa, chifukwa ndinali nditatopa nako kugwidwagwidwa mwendo ndi anthu ofuula. Koma amayi anaimirira n'kulowa pakati pa bwalo paja iwo eni.

"Mwendo ulekeni, wafika wekha. Pemphererani ine. Nili na mantha, anzanga. Mwana uyu ni mmodzi chabe, ndipo nili na mantha."

Anagwada pathanthwepo, ndipo amayi aja, mabulauzi ali matope okhaokha, anawasanjika manja. Ba mai Daka, amene popemphera ankagwedeza malata a tchalitchi, tsiku limenelo anapemphera motsitsa, akulira nawo. Ine ndinakhala pambali ndi ba Sakala. Iwo sanapemphere mokweza, anali atatsamira mwala maso ali otseka, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Ndinawafunsa ngati ali bwino. Anatsegula diso limodzi, ati, "Ndinali kuganiza kuti sindidzaliwonanso phiri ili. Zikomo pondifikitsa, akapitawo."

Potsika ndinatsogoleranso, ndipo tinafika paminibasi dzuwa lisanalowe, mpando wapulasitiki uja titautola. Lolemba nsapato za amayi a mpingo zinaunjikana pa lata lija monga ananenera, koma kanyundo sikanamveke. Ba Sakala anagona sabata yathunthu ndi chifuwa. Amayi ndiwo ankawaphikira phala ndi kuwatengera madzi otentha, ndipo ndinawamva akuwakalipira kuti munthu wamkulu sachita zinthu zopusa chotero. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ulendo uja unawadya mphamvu zimene analibe. Anadzuka, anasokanso nsapato zaka zina ziwiri, ndipo anamwalira ndili giredi yakhumi. Pamaliro awo amayi anakhala m'nyumba pamodzi ndi achibale ochepa ochokera ku Petauke, akulira ngati mwana wawo wobala.

Za sukulu amayi sananene kuti "upita". Ndinangoona Lamlungu akusita yunifomu imene anaipeza kwa mnzawo wa pamsika. M'mawa wa tsiku lotsegulira mvula inali itagwa usiku wonse, Kanyama yense ali dziwe. Amayi sanatenge dengu la tomato. Anatseka chitseko, anayang'ana madzi aja, anayang'ana miyala yodumphapo. Kenako anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, ati, "Tsogola."

Ananditsatira mpaka pachipata cha sukulu, osandigwira. Tsiku lachiwiri analekezera panjanji. Lachitatu anaima pamsewu waukulu, ndipo nditacheuka patali ndinawaona akadali pomwepo, manja atawabisa m'khwapa. Lachinayi anapita kumsika.

Lero ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chawama, ndipo amayi ndimakhala nawo. Maondo awo anatha, maso akuchita chifunga, koma kutchalitchi amafuna kupita ndi miyendo yawo, ndipo ukawagwira mkono amakusasa ngati ntchentche. Ndiye Lamlungu lililonse iwo amakhala patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo, tikuzemba maenje ndi njinga. Akapunthwa pang'ono manja anga amauluka okha, ndipo ndimawabweza n'kuwapinda kumsana. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amene anavutika paphiri paja ndine. Sindinkadziwa kuti kuyenda pambuyo pa munthu amene umamukonda, osamugwira, kumawawa chonchi.